Vezel ya petulo kapena ya hybrid: mtengo weniweni uli mu giyabokosi

Pamalo ogulitsira galimoto zakaunjika ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu si zachilendo kupeza Honda Vezel ziwiri zitaimikidwa moyandikana, zonse zoyera, zonse za chaka chimodzi, zonse zolembedwa 1,500cc pagalasi lakutsogolo, koma mitengo yake ili yosiyana. Wogula akafunsa chifukwa chake, yankho lofala ndi lakuti inayo ndi hybrid, siimwa mafuta. Yankholi si labodza, koma silinena zonse. Galimoto ziwirizi zimasiyana kwambiri pa giyabokosi kuposa pa injini, ndipo giyabokosiyo ndiyo imadzalowa m'thumba la mwini galimoto pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri.

Kampani ya Honda idayamba kugulitsa Vezel ku Japan mu Disembala 2013, ndipo m'maiko ena galimoto yomweyi imatchedwa HR-V. Mtundu woyambawu udapangidwa mpaka 2021, ndipo ndiwo wachuluka m'misewu ya m'dziko muno kaamba koti ku Japan watsika mtengo. Anthu amaikonda chifukwa ndi yokwera pang'ono kuposa Fit, ili ndi malo a katundu okwanira banja, pomwe injini yake ndi yaing'ono.

Chinsinsi chodziwira Vezel imene munthu akuyang'ana chili pa nambala ya chasisi. Nambalayo ikayamba ndi RU1, galimotoyo ndi ya petulo yekha ndipo imakoka ndi matayala akutsogolo okha. RU2 ndi ya petulo yokoka ndi matayala onse anayi. RU3 ndi hybrid yokoka ndi akutsogolo, pomwe RU4 ndi hybrid yokoka ndi onse anayi. Kachizindikiro kolembedwa Hybrid kumbuyo kwa galimoto kakhoza kumatuka kapena kumatidwa ndi aliyense, ndipo wolemba malonda pa intaneti akhoza kulakwitsa, koma nambala ya chasisi imakhala pa invoisi, pa mapepala a msonkho ndi pagalimoto penipenipo. Wotumiza ndalama ku Japan asanaione galimoto ayenera kuyamba wawerenga zilembo zitatuzi.

Amene ali nayo pafupi angathenso kuzindikira pongosuzumira m'kati. Ya petulo ili ndi ndodo ya giya yodziwika, yoyenda kuchoka pa P kudutsa R ndi N kufika pa D. Ya hybrid ili ndi kandodo kakafupi kobwerera pakati kakangosiyidwa, ndipo P yake ndi batani.

Ya petulo ndi lamba wake wachitsulo

Injini ya RU1 ndi RU2 ndi ya 1,496cc, ndipo mphamvu yake pamapepala a ku Japan ndi 131 PS. Imagwiritsa ntchito tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi, choncho palibe lamba wofunika kusintha pakapita makilomita akutiakuti. Giyabokosi yake ndi ya mtundu wa CVT.

Mu CVT mulibe giya woyamba, wachiwiri kapena wachitatu monga anthu adazolowera. Muli magudumu awiri, lililonse lopangidwa ndi mbale ziwiri zoyang'anizana, ndipo pakati pawo pamayenda lamba wachitsulo. Mbalezo zikayandikana, lambayo amakwera m'mphepete. Zikatalikirana, amatsikira pakati. Kusintha kumeneku kumachitika mosalekeza, n'chifukwa chake woyendetsa samva galimoto ikusintha giya. Akaponda moto kwambiri pokwera chitunda, injini imalira ndi mawu amodzimodzi pomwe liwiro likukwera pang'onopang'ono. Ambiri ongoigula kumene amathamangira kugalaja poganiza kuti giyabokosi ikuterereka, chonsecho ndi mmene idapangidwira.

Moyo wa CVT uli mu oyilo. Lambayo amagwira mbale zija kudzera mu oyilo wapadera, ndipo wa Vezel ndi wotchedwa HCF-2. Oyilo wofiira wamba wa magiyabokosi a otomatiki akale, amene amapezeka pashopu iliyonse ya masipeya ndipo ndi wotchipa, sagwira ntchito imeneyi. Akathiridwa, galimoto imayenda bwinobwino kwa masabata kapena miyezi, kenako imayamba kunjenjemera ponyamuka ndi kulira ngati mluzu. Pofika apo lamba ndi mbale zimakhala zitakandika, ndipo chotsala ndi kugula giyabokosi ina. Mwini galimoto wosamala amagula yekha oyiloyo m'chigubu chosatsegula n'kuimirira pomwepo makaniko akuthira.

CVT imadananso ndi kuzunguza matayala m'matope kwa nthawi yaitali, kukoka galimoto inzake, ndi kusenza matumba a chimanga mpaka kumbuyo kukhala pansi. Kupatula apo ndi giyabokosi yofatsa. Ponyamuka imadalira oyilo wozungulira m'chipangizo chotchedwa torque converter, monga zilili ndi otomatiki wamba, choncho kuyenda pang'onopang'ono pamdipiti wa galimoto sikuivuta.

Ya hybrid ndi makilatchi ake awiri

Apa ndi pomwe ambiri amagwa m'mbuna, chifukwa amaganiza kuti hybrid iliyonse ili ngati Toyota Prius kapena Aqua. Ya Honda ya zaka zimenezi idapangidwa mwanjira ina.

Injini ya RU3 ndi RU4 nayo ndi ya 1,496cc, koma imathandizidwa ndi mota yamagetsi ya 22 kW yokhala m'kati mwa giyabokosi, ndipo zonse pamodzi zimatulutsa 152 PS. Batire lalikulu, la lithium-ion, lili pansi pa malo oika katundu. Giyabokosi yake ndi ya magiya 7, ya mtundu wa DCT, ndipo Honda imatcha dongosolo lonseli i-DCD. Ngakhale woyendetsa ali ndi zopondera ziwiri zokha, m'kati mwake giyabokosiyi ili ngati ya manyuwo: muli magiya a mano ndi makilatchi awiri. Kilatchi ina imagwira magiya 1, 3, 5 ndi 7, inayo imagwira 2, 4 ndi 6. Amene amaponda ndi kusiya makilatchiwo ndi kompyuta. Galimoto ikamayenda mu giya 3, giya 4 amakhala atalowetsedwa kale akungodikira, n'chifukwa chake pamsewu wotseguka Vezel ya hybrid imathamanga mokoma ndipo imasintha magiya mwachangu.

Vuto ndi lakuti makilatchiwa ndi ouma. Saviikidwa mu oyilo woti aziwaziziritsa. Aliyense amene adaphunzira kuyendetsa pa manyuwo amadziwa fungo la kilatchi imene yagwiridwa theka pachitunda kwa nthawi yaitali. Zomwezo zikhoza kuchitika m'giyabokosiyi, kungoti phazi lochita zimenezo ndi la kompyuta.

Batire lalikulu likakhala ndi moto, galimoto imanyamuka ndi mota yamagetsi yokha ndipo makilatchi amapuma. Koma pamzere wautali batire limatsika, makamaka chifukwa choziziritsira m'galimoto ya hybrid chimayenderanso magetsi a batire lomwelo. Likatsika, injini imadzuka, ndipo kusuntha kulikonse kwa mamita awiri kapena atatu kumafuna kuti kilatchi ikhuze theka. Kukachitika kambirimbiri, makamaka pamalo okwera, kutentha kumakula mpaka padashibodi pamabwera chenjezo lakuti giyabokosi yatentha. Pagalimoto yochokera ku Japan chenjezolo limalembedwa m'Chijapani, ndiye ambiri amangolinyalanyaza.

Si nkhani ya kuno kokha. Mu Okutobala 2022 kudamveka nkhani ku Japan ya galimoto za Honda za hybrid ya mtundu umenewu zimene zidaima m'mbali mwa msewu wokhotakhota wokwera phiri wa Irohazaka, ku Nikko, pa nthawi imene galimoto zidathithikana kwa maola. M'dziko muno malo oterewa sasowa. Mizere yodikira mafuta imene yakhala ikuoneka kuyambira 2022, pomwe galimoto imasuntha pang'ono n'kuima tsiku lonse, ndi mayeso owawa kwa giyabokosi yotere. Chimodzimodzi mdipiti wa m'mawa ndi madzulo pa Chipembere Highway kapena pa mlatho wa Lilongwe, komanso kukwera Chiweta kapena chitunda cha ku Chikwawa kumbuyo kwa thiraki yolemedwa.

Izi sizikutanthauza kuti RU3 ndi galimoto yoipa, koma imafuna woyendetsa woidziwa. Pamzere, ndi bwino kulola yakutsogolo itsogoleko pang'ono kenako n'kusuntha kamodzi motsimikiza, kusiyana ndi kukwawa kumbuyo kwake phazi lili theka pabuleki. Pachitunda galimoto igwiridwe ndi buleki, osati ndi moto. Vezel ili ndi batani lolembedwa Brake Hold pafupi ndi handibuleki yamagetsi, limene limagwira galimoto ikaima mpaka woyendetsa atapondanso moto, ndipo eni ake ambiri sadaligwiritsepo ntchito. Chenjezo la kutentha likabwera, chofunika ndi kupatuka pamalo abwino, kuika pa P ndi kudikira mpaka lizime.

Pa oyilo napo pamasokonekera zinthu. Giyabokosi ya hybrid siifuna HCF-2 koma ATF DW-1. Ilinso ndi kabotolo kena kakang'ono ka madzi oyendetsa makilatchi, omwe ndi ofanana ndi a mabuleki, a DOT 4. Madziwa amayamwa chinyezi n'kuda pakapita nthawi, ndipo akakalamba galimoto imayamba kugwedeza ponyamuka kapena kuchedwa kulowa giya. Makaniko wosaidziwa galimotoyi sadziwa n'komwe kuti kabotoloko kalipo. Ntchito ya makilatchi ikachitika, pamafunikanso kulumikiza galimoto ku kompyuta yopimira kuti iphunzirenso pomwe kilatchi ikugwirira. Galaja yopanda makina amenewo siingamalize ntchitoyi, ngakhale makaniko atakhala waluso chotani pa sipanala. Wokhala ku Chitipa, Nsanje kapena Mchinji ayenera kudzifunsa kuti makina oterowo ali pamtunda wotani kuchokera kwawo. Chothandiza n'chakuti Fit Hybrid ya GP5, Grace, Shuttle ndi Freed za hybrid za zaka zomwezo zili ndi giyabokosi ya banja limodzimodzi, choncho makaniko wozolowera zimenezo sangaione Vezel ngati yachilendo.

Chaka chimene galimoto idapangidwa chilinso ndi mbali yake. M'chaka cha 2014 Honda idaitanitsa Vezel za hybrid kangapo ku Japan kuti zikakonzedwe, ndipo zina mwa zokonzazo zidali za pulogalamu yoyendetsa giyabokosi ndi injini. Kampaniyi ili ndi tsamba pa intaneti ku Japan pomwe munthu amalemba nambala ya chasisi n'kuona ngati pali zokonza zimene galimotoyo siidachitidwe. Zopangidwa m'zaka zotsatira, makamaka kuyambira pa kusintha kwa maonekedwe kwa mu Febuluwale 2018, zidatuluka pulogalamuyo itakonzedwa kale, ngakhale makilatchi ake ndi ouma ndithu. RU3 ya 2014 yotchipa modabwitsa ikhoza kukhala chikomekome cha nkhuyu.

Nanga mafuta amene hybrid imapulumutsa ndi ochuluka bwanji? Pa muyeso wa ku Japan wotchedwa JC08, RU1 idalembedwa kuti imayenda makilomita 20.6 pa lita, pomwe RU3 yopepuka kwambiri idalembedwa makilomita 27.0 pa lita. Pamsewu weniweni palibe imene imafika pamenepo, chifukwa muyesowo udali wofewa, koma manambalawa amathandiza kuyerekeza. Munthu woyenda makilomita 1,000 pamwezi angafune malita pafupifupi 49 pa ya petulo ndi malita 37 pa ya hybrid. Kusiyana kwake ndi malita 11 kapena 12 pamwezi, pafupifupi malita 140 pachaka, omwe ndi matanki atatu ndi theka a Vezel, poti thanki yake ndi ya malita 40. Wogula achulukitse malita 140 ndi mtengo wa petulo wa lero, kenako afunse ku Biwi kapena ku Limbe mtengo wa makilatchi atsopano kapena giyabokosi yakaunjika ya RU3, pamodzi ndi ndalama yoikitsa. Manambala awiriwo akaikidwa pamodzi, yankho limaoneka lokha.

Kwa woyenda kwambiri, monga wochita bizinesi yonyamula anthu kapena woyenda mitunda italiitali sabata iliyonse, malitawo amachuluka kawiri kapena katatu ndipo hybrid imabweza ndalama yake. Kwa wongochoka kunyumba kupita kuntchito, kusukulu ya ana ndi kutchalitchi, phindu lake ndi lochepa, ndipo ulendo wakewo ndi womwe uja wa mdipiti umene makilatchi ouma amadana nawo. Kwa munthu wotere RU1 ndiyo ili ndi mtendere.

Pa RU2 ndi RU4, zokoka ndi matayala anayi, pali chinthu chimene ogulitsa satchula kawirikawiri. Mapepala a Honda amasonyeza kuti Vezel yokoka ndi akutsogolo imatalikira pansi ndi mamilimita 185, pomwe yokoka ndi anayi imatalikira ndi mamilimita 170 okha. Idapangidwira misewu yoterera ndi chipale chofewa kumpoto kwa Japan, osati misewu yokumbika ya kumudzi. Matayala akumbuyo amangothandiza akutsogolo akaterereka, ndipo palibe giya wotsika wokwerera malo ovuta. Imathandiza pamsewu wadothi woterera nthawi ya dzinja, koma pamsewu wa makwawa ndi miyala imakhudza pansi msanga kuposa inzake. Imamwanso mafuta ochulukirapo, ili ndi oyilo winanso wapadera wa kumbuyo, ndipo imafuna matayala anayi ofanana kukula ndi kutha kwake.

Poyesa galimoto pamalo ogulitsira, ulendo wa mphindi zisanu pamsewu wosalala suuza wogula chilichonse. Ndi bwino kufika m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa matenda ena amabisala galimoto ikatentha, pomwe ena amaoneka itayenda nthawi. Ya hybrid iyesedwe pachitunda: kuima, kunyamuka, kuimanso, kangapo, choziziritsira chili choyatsa, kenako kubwerera m'mbuyo pamalo okwera. Kugwedeza, kuchedwa kulowa R kapena D, ndi kuphethira kwa chilembo cha giya padashibodi ndi zizindikiro zoti munthu asapereke ndalama asanaitane wa kompyuta. Ya petulo imvetseredwe ngati ikulira mluzu liwiro likamakwera, kapena kunjenjemera ponyamuka pang'onopang'ono.

Galimoto yongofika kumene kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe imakhala itakhala masabata ambiri osayenda mokwanira. Batire laling'ono la 12V, limene ngakhale hybrid ili nalo, limafooka, ndipo likafooka limayatsa machenjezo ambiri padashibodi omwe amaopsa ngati galimoto yafa. Kuyeza batire limeneli kuyambe, munthu asanauzidwe kuti agule batire lalikulu la hybrid. Batire lalikululo limaziziritsidwa ndi mpweya wochokera m'kati mwa galimoto kudzera pa kabowo ka cham'mbali mwa mpando wakumbuyo, ndipo kabowoko sikafunika kutsekedwa ndi zikwama kapena kudzaza fumbi. Oyilo wa injini pa mitundu yonse iwiri ndi wopyapyala, wa 0W-20. Oyilo wolimba amene amathiridwa m'maminibasi akale si wake.

Palinso Vezel ziwiri zimene zayamba kuoneka koma mitengo yake ikadali pamwamba. Mu 2019 Honda idatulutsa ya Touring, ya injini ya 1.5 yokhala ndi turbo, ya 172 PS, yoyendera CVT. Nayo nambala yake imayamba ndi RU1, choncho apa mpofunika kutsegula boneti. Ndipo mu Epulo 2021 kudabwera Vezel yatsopano, ya manambala oyamba ndi RV, imene hybrid yake, yotchedwa e:HEV, idasiyiratu DCT. M'menemo muli mamota awiri, injini nthawi zambiri imangopanga magetsi, ndipo imalumikizidwa ku matayala pokhapokha galimoto ikakhazikika paliwiro la pamsewu waukulu. Zonse zokhudza makilatchi ouma sizikhudza RV5 ndi RV6.

Amene sakufuna CVT kapena DCT ali ndi kolowera kwina pa ndalama yosasiyana kwambiri. Toyota Rush yakale, imene ndi imodzimodzi ndi Daihatsu Be-go ndi Terios, idagulitsidwa ku Japan kuyambira 2006 mpaka 2016. Injini yake ndi ya 1.5, ya 109 PS, ndipo giyabokosi yake ndi otomatiki wamba ya magiya anayi kapena manyuwo ya magiya asanu. Imakoka ndi matayala akumbuyo kapena onse anayi, imatalikira pansi ndi mamilimita 200, ndipo makaniko wa paboma lililonse amaimvetsa. Imamwa mafuta kuposa Vezel, imalira pamsewu waukulu ndipo imadumphadumpha, koma kwa mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi wokhala kutali ndi tala, zimenezo ndi zazing'ono. Toyota C-HR ya hybrid, ya kuyambira kumapeto kwa 2016, ili ndi injini ya 1.8 ndi dongosolo lofanana ndi la Prius, lopanda makilatchi okhuzana, koma ndi yothina kumbuyo. Mazda CX-3 zoyambirira za ku Japan, za 2015, zidali za dizilo zokha, za 1.5, ndipo sefa yake ya utsi imatsekeka galimoto ikamangoyenda maulendo afupiafupi a m'tauni. Nissan Juke ya 1.5 nayo ndi ya CVT, yofuna oyilo wakewake wa Nissan.

Pa msonkho, bungwe la MRA limayang'ana kukula kwa injini ndi chaka chimene galimoto idapangidwa, ndipo malamulo ake amasintha ndi bajeti ya boma. RU1 ndi RU3 zili ndi injini zofanana kukula, koma kusiyana kwa chaka chimodzi kukhoza kusuntha galimoto kuchoka m'gulu lina la msonkho kupita m'gulu lina. Woitanitsa yekha afunse ku MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka kuchuluka kwa msonkho wa galimoto yeniyeniyo, atapereka nambala ya chasisi, asanatumize ndalama ku Japan. Ndipo pa bajeti yake asiyepo ya oyilo wa giyabokosi, HCF-2 kapena DW-1 malinga ndi zilembo zitatu zija, woti athiridwe sabata yoyamba galimotoyo ikangofika, popeza pepala la ku okushoni silinena tsiku limene mwini wake wakale adausintha komaliza.